Ampulifaya ya Atsibweni

Kwa zaka 24, kuseri kwa chitseko cha chipinda changa chogona ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, kudakhala chibokosi chakuda chimene alendo ankachiyesa kabati yaing'ono. Mayi a kunyumba kwanga adachiyala nsalu yoluka, naikapo Baibulo ndi botolo la mafuta odzola, ndipo ana athu adakula akuchidziwa ngati pokhalira pomanga zingwe za nsapato. Koma ukavundukula nsaluyo unkaona kumaso kwake kwasiliva, tizitsulo topotokola tondandalikana ngati mano, ndi dzina lakuti Fender Twin Reverb. Imeneyi idali ampulifaya ya atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, munthu amene adaimba gitala m'mahotela ndi m'maholo a ku Manicaland kwa zaka zoposa 20, koma osapondako m'situdiyo ngakhale tsiku limodzi.

Ine zala zanga sizidaphunzire kuimba kalikonse kopitirira nyimbo ziwiri zitatu za kutchalitchi. Changa ndi makutu. Anzanga amene timacheza nawo Loweruka masana amandiseka kuti ndisanafunse zimene nyimbo ikunena ndimayamba ndafunsa mmene gitala yake ikulirira. Pachichewa liwu lakuti "mawu" limasenza katundu wolemera: mawu ndi zimene munthu wanena, mawu ndi mmene kukhosi kwake kumamvekera, mawunso ndi kulira kwa ng'oma kapena kwa nsambo. Tsono ndikamalemba za mawu a ampulifaya zakale za Fender amene ndimawakonda pa zimbale ndi makaseti, owerenga andikhululukire ngati matanthauzo atatuwa azisakanikirana, pakuti kwa ine sadalekanepo.

Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1940. Adayenda wapansi masiku ambiri kudzera ku Tete, nawoloka Zambezi pabwato, mpaka adafika ku migodi ya golide ya ku Penhalonga, kumpoto kwa tauni imene nthawi imeneyo inkatchedwa Umtali. Anthu ambiri a ku Nyasaland adabwera kuno motero, ena paokha, ena kudzera ku Mthandizi. Atatopa ndi fumbi la pansi pa nthaka adapeza ntchito kunjanji, napatsidwa nyumba ku Sakubva, ndipo patapita zaka zitatu adakatenga agogo aakazi. M'kathumba kamene adachoka nako kumudzi mudali bulangete, chikho ndi bangwe wa nsambo zisanu ndi ziwiri. Kumudzi ankawatchula kuti mtchona. Kuno ankatitchula kuti "mabhurandaya", kutanthauza anthu a ku Blantyre, chikhalirecho agogowo ku Blantyre adali asanapondeko.

Ampulifaya idalowa m'banja mwathu chakumapeto kwa 1975. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June chaka chimenecho, Apwitikizi ambiri a ku Beira ndi ku Vila Pery, kumene lero ndi ku Chimoio, adasamuka nadzera pachipata cha Forbes, katundu ali mbwee pamwamba pa magalimoto. Mmodzi wa iwo adali woimba wa m'hotela ina ya ku Beira, ndipo ankafuna ndalama za ulendo wa ku Johannesburg. Masiku amenewo Rhodesia idali pachilango cha malonda kuchokera pamene Ian Smith adalengeza ufulu wa azungu okhaokha mu 1965, kotero chida cha ku America chonga chimenechi sukadachipeza m'sitolo. Atsibweni adatulutsa ndalama zonse zimene ankasunga kuti akaperekere malowolo kwa makolo a mtsikana wa Chimanyika amene adamtomera. Ukwati udachedwa chaka chathunthu, ndipo azakhali sadaiwale nkhaniyi mpaka ukalamba wawo. Mu March 1976 Samora Machel adatseka malire, njira imene ampulifaya idadzera nitsekeka pambuyo pake.

Ntchito yanga, kuyambira ndili ndi zaka 11, idali yokankha wilibala. Chibokosicho chimalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo bandi ya atsibweni idalibe galimoto. Tinkayala masaka awiri m'wilibala, n'kuchigoneka chagada, ine n'kumakankha kupita ku Beit Hall kapena kubwalo la ukwati, atsibweni akuyenda pambali panga gitala ili kumsana, maso ali pamiyala ya mumsewu. Tikafika ankalumikiza nthambo, n'kutsegula siwichi yoyamba yokha, kenaka n'kuyatsa ndudu. Tsiku lina ndidatambasula dzanja kuti nditsegule yachiwiri, iwo nandigwira pamkono.

"Mphwanga, usamapupulume. Mphika suwira pamoto wongokoleza kumene. Tadzasuzumira kuno."

Ndidagwada kumbuyo kwa bokosilo ndipo ndidaona timabotolo tagalasi khumi tolendewera chozondoka ngati mileme, tikuyamba kufiira pang'onopang'ono. Timeneti ndiye mavalavu: anayi aakulu otchedwa 6L6, asanu ndi limodzi aang'ono. Patapita zaka ndidadzamvetsa kagwiridwe kake ka ntchito. M'kati mwa botolo lililonse mulibe mpweya. Muli kawaya kamene kamatenthetsa kachitsulo mpaka kayambe kulavula mphamvu ya magetsi, ndipo mphamvuyo imalumphira ku chitsulo china chimene chimakhala ndi ukali woposa 400 volts. Pakati pa zitsulo ziwirizi pali kaukonde ka waya wopyapyala, kumene kumafikira kamphamvu kochepetsetsa kochokera kunsambo za gitala. Kaukondeko kali ngati mwana wotsegula ndi kutseka ngalande m'dimba: dzanja lake n'lofooka, koma madzi amene akuwalamula ndi ambiri. Valavu ukaipanikiza kupyola msinkhu wake siduka mwadzidzidzi, imasasa pang'onopang'ono monga amachitira mawu a mtsogoleri wa nyimbo pa chinamwali kukamacha. Pansi pa bokosilo pali kathumba, m'kathumbamo muli kabokosi kachitsulo ka masipuling'i aatali. Mawu akadutsa m'masipuling'iwo amatuluka ndi mchira, ngati munthu akuimbira pakhomo la phanga, ndipo woledzera akapunthwa pa ampulifaya ili yoyaka, holo yonse inkamva chiphaliwali.

Amene adayambitsa zonsezi ndi Leo Fender, wokonza mawayilesi wa ku Fullerton m'chigawo cha California, munthu amene iye mwini sankadziwa kuimba gitala. Pakati pa 1963 ndi 1967 fakitale yake idatulutsa banja la ampulifaya za kumaso kwakuda zimene oimba amazilemekeza mpaka lero. Yaing'ono, Princeton Reverb, idali ya 12 watts; Deluxe Reverb ya 22; Vibrolux Reverb ya 35; Super Reverb ya 40 ndi masipika anayi; ndipo nkhalamba ya zonse, Twin Reverb, ya 85 watts ndi masipika awiri a mainchesi 12. Mu January 1965 Leo Fender adagulitsa kampani yake kwa CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni, ndipo pofika 1968 kumaso kwakuda kuja kudasanduka kwasiliva. Osonkhanitsa zida zakale amati zakuda ndizo zenizeni, zasiliva ndi ang'ono ake osafika pa akulu awo. Yathu idali yasiliva, ndipo ine ndidakhala ndi kamanyazi pa nkhani imeneyi kufikira nditaona ndi maso anga zimene zidachitika padenga lina ku London.

Pa 30 January 1969 a Beatles adaimba komaliza pagulu, padenga la nyumba yawo ya pa 3 Savile Row, mphepo yozizira ikuwomba. Kumbuyo kwa John Lennon ndi George Harrison kudali ma Twin Reverb a kumaso kwasiliva, ofanana ndendende ndi amene adali kuseri kwa chitseko changa. Pa nyimbo ya "Get Back" amene amaliza gitala yotsogolera ndi Lennon, pa Epiphone Casino yake, ndipo kaliridwe kake ndi kouma, kaukali pang'ono, kopanda zodzola, ngati munthu wolankhula zoona m'bwalo la milandu. Harrison adali ndi Telecaster ya mtengo wakuda, imene pa "Don't Let Me Down" imatsetsereka pansi pa mawu a woimba mosadzionetsera. M'kanema amene Peter Jackson adatulutsa mu 2021 mumaoneka apolisi atakwera padengapo, wothandiza bandi nazimitsa ampulifaya, Harrison n'kutembenuka, kuiyatsanso. Ndidabwereza kagawo kameneko kasanu. Awa ndi mawu oyamba pa mndandanda wanga.

Achiwiri ndi a Roy Buchanan, Mmereka amene adamwalira mu 1988 asanatchuke monga adayenera. Iyeyu ankadziwika ndi Telecaster ya 1953 ndi Vibrolux Reverb, ndipo ndimakonda kumumvera pa "The Messiah Will Come Again" ya mu 1972. Ankakhudza nsambo mawu a gitala atatsekedwa, kenaka n'kuwatsegula ndi kachala kakanise, kotero khutu silimva pamene liwu layambira. Limangotulukira ngati kulira kwa mayi wochokera kutali amene wayamba kubuma asanalowe m'mudzi wa maliro.

Achitatu ndi a Johnny Marr wa gulu la The Smiths pa "How Soon Is Now?" ya mu 1984. Ampulifaya za banja limeneli zili ndi kachipangizo kamene kamakweza ndi kutsitsa mawu mofulumira, gitala n'kumamveka ngati ikunjenjemera. Marr ndi wojambula nyimbo John Porter adadutsitsa gitala imodzi m'ma Twin Reverb anayi nthawi imodzi, onse akunjenjemera, ndipo popeza kunjenjemerako kunkasemphana pakapita kanthawi, ankajambula timagawo tatifupitifupi, kuima, n'kuyambanso. Chimene chidatuluka chili ngati sitima ya katundu yochokera ku Beira ikamakwera mtunda usiku, iwe uli m'bulangete ku Sakubva.

Koma makutu anga sadaleredwe ku London kapena ku Manchester. Adaleredwa ndi magitala a dziko lino, ndipo magitala amenewo ndiwo adandiphunzitsa chifukwa chimene atsibweni adachedwetsera ukwati wawo. M'nyimbo zathu, kaya ndi chimurenga, jiti kapena sungura, magitala atatu amayenda ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi: wotsogolera, wapakati ndi besi, aliyense kugwetsa munsi wake pampata umene mnzake wasiya. Mawu akasasa kwambiri, monga amakondera oimba rock, mipata ija imatsekeka ndipo zonse zimasanduka phala. Choncho woimba wa kuno amafuna ampulifaya imene ingafuule mpaka kumbuyo kwa holo yodzaza anthu ovina, koma liwu lililonse n'kumamveka palokha. Twin Reverb idapangidwira ntchito yotero.

M'katikati mwa zaka za m'ma 1970 Jonah Sithole, amene pambuyo pake adadzatchuka ndi Thomas Mapfumo ndi Blacks Unlimited, ankaimba kuhotela ya ku Zimunya, kunja pang'ono kwa Mutare. Atsibweni ankapalasa njinga kukamumvera. Sithole ndi mmodzi mwa amene adasamutsira kaimbidwe ka mbira pa gitala ya magetsi, akutsamiza chikhatho pansambo kuti liwu lililonse lidumphe n'kufa msanga ngati la kachitsulo ka mbira. Amayi amasimba kuti usiku wina atsibweni adabwerako, nadzutsa agogo, nati: "Bambo, ngati mbira ya eni dziko yalowa m'gitala, bangwe wanu angakanike bwanji?" Kuyambira pamenepo ankakhala pakhonde madzulo, nkhalamba ndi bangwe, mnyamata ndi gitala yosalumikiza kumagetsi, kutolerana liwu limodzilimodzi.

Mu 1991, pamene "Chitekete" ya Leonard Dembo inkalira m'basi iliyonse ndi pa ukwati uliwonse, ndidawapeza atsibweni atatsamira wayilesi, maso ali otseka. Nyimboyo ndi yaitali kupitirira mphindi khumi, ndipo gitala ya Dembo imayenda yoyera ngati madzi a m'mapiri a Vumba. Itatha adangoti: "Uyu sabisala." Adandifotokozera kuti mawu osasa amakwirira zolakwa monga msuzi wambiri ukwirira ndiwo zochepa, koma mawu oyera amaulula chala chilichonse chimene chaterereka. Chimodzimodzinso ndi Khiama Boys ya Nicholas Zakaria, ndi Alick Macheso amene adakulira m'gulu limenelo, ana a makolo ochokera ku Malawi ngati ife. Pamene Macheso adatulutsa chimbale cha Simbaradzo mu 2000, anthu amene kale ankatiseka chifukwa cha chilankhulo chathu adayamba kuvina nyimbo za Chichewa m'mabala a mumzinda uno.

A Bhundu Boys adandiphunzitsa phunziro lina, lakuti kujambula mawu ndi luso lapadera. Nyimbo za pa chimbale cha Shabini, chimene chidatuluka ku Britain mu 1986, zidajambulidwa ku Shed Studios ku Harare, ndipo gitala ya Rise Kagona imathwanima mmenemo ngati mvula ya padzuwa. John Peel ndi Andy Kershaw adaziimba pa wayilesi ya BBC mpaka gululo lidakaimba patsogolo pa Madonna ku Wembley mu 1987. Chaka chomwecho adajambula True Jit ndi kampani yaikulu ya WEA, ndi ndalama zambiri ndi zipangizo zapamwamba, koma okonda gululo ambiri adadandaula kuti kuthwanima kuja kudazilala. Zala zidali zomwezo. Chidasintha ndi chipinda, ndi makutu a amene adakhala kuseri kwa galasi.

Tsopano ndifike pa mawu amene ndimawakonda koposa onse. Sali pa chimbale chilichonse. Ali pa kaseti ya mphindi 90 imene ndidajambula ndekha mu August 1986, pa ukwati wa achemwali anga, ndi wayilesi ya kaseti yobwereka imene ndidaikhazika pampando. Mbali yoyamba yonse ndi phokoso: nthungululu, mabotolo, ng'oma zophimba chilichonse. Koma chakumapeto kwa mbali yachiwiri anyamata a bandi adapita kukadya, atsibweni natsala okha. Agogo adali atamwalira chaka chapitacho, osaonanso phiri la Dedza. Pa kasetiyo pamamveka kulira kwapansipansi kwa ampulifaya yotentha, kenaka mawu a atsibweni akulankhula ndi ine, kenaka gitala.

Ndi nyimbo ya bangwe ija. Nsambo za pansi zikuyenda mozungulira ngati munthu wopalasa njinga pamtunda, za pamwamba zikuyankha mwa apo ndi apo. Mawu ake ndi onenepa koma oyera, ali ndi kamchira kakafupi ka masipuling'i, ndipo pamene chala chakanikiza mwamphamvu pamamveka kusasa pang'ono chabe, ngati munthu amene akudziletsa kulira pamaso pa ana. Phokoso la anthu likumka lichepa. Chapatali mayi wina wachikulire, mmodzi mwa matchona a m'dera lathu, akuyamba kung'ung'udza motsatira. Pakatha mphindi zitatu ndi masekondi 40 tepi imatha, nyimbo ili pakati.

Atsibweni adamwalira mu 1999. Pogawa katundu wawo miyambo iwiri idagundana m'nyumba imodzi. Kwa Amanyika, monga kwa Ashona onse, chuma cha bambo chimatsikira kwa ana ake. Kwa ife Achewa mwini mbumba ndi mtsibweni, ndipo kale wolowa m'malo mwake ankakhala mwana wa mlongo wake. Amayi adaimirira nanena kuti malemu, ali pamphasa, adati ampulifaya ipite kwa mphwawo amene adaikankha pawilibala. Msuweni wanga, mwana wawo woyamba, sadatsutse. Adatenga gitala, nawomba m'manja mwaulemu, natuluka, ndipo pakhomo pathu sadapondeponso. Gitala idapita ku Dangamvura, ampulifaya idatsala ku Sakubva, ndipo kuyambira tsiku limenelo zonse ziwiri zidakhala chete.

Ndiyenera kuvomera kuti ndidaikakamira pa chifukwa china choposa chikondi cha nyimbo. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'dziko lino kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adapezeka kuti ndi alendo m'dziko lokhalo limene ankalidziwa. Zidatenga malamulo aakulu a dziko a mu 2013 kuti unzika wathu ubwerere, ndipo malamulo omwewo adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. M'zaka za pakatizo, ndikakhala pamphepete pa bedi n'kuyang'ana bokosi lija, ndinkadziuza kuti ngakhale mapepala andikane, ine ndine mphwa wa munthu, ndili ndi mbumba imene ndidachokera, ndipo umboni wake ndi uwu.

Komabe njala ilibe ulemu. Mu 2008 ndalama ya dziko lino idasanduka mapepala, m'masitolo mudatsala mashelefu okhaokha, ndipo anthu a ku Mutare ankawoloka malire kukagula ufa ku Manica ndi ku Chimoio. Malipiro anga a mwezi sankakwana ngakhale basi yopita kuntchito. Munthu wina wobwereketsa zokuzira mawu pa misonkhano adafuna kugula ampulifaya yonse, ine ndidakana. Adabweranso kachiwiri, mwana wathu wamng'ono atagona ndi njala masiku awiri, ndipo tidagwirizana za masipika okha. Ndidawamasula ndekha usiku, banja lili m'tulo. Ndalama za ku South Africa zimene adandipatsa zidagula matumba awiri a ufa ndi botolo la mafuta ophikira. Ndidabwezera nsalu yoluka pamalo pake, Baibulo pamwamba, osauza munthu. Sindinong'oneza bondo kuti ana anga adadya. Koma ndinkadziwa kuti pepala la masipika amene agwedezeka zaka 30 lili ndi kufewa kwakekwake kumene sikugulidwa, ndi kuti mawu a pa kaseti ija ndawadula lilime ndi manja anga.

Mu 2022 pakhomo padafika mtsikana wa zaka 19, chikwama cha gitala chili kumsana. Ndidachizindikira chikwamacho ndisanamzindikire iye. Adali mwana wa msuweni wanga. Pachibale cha Chishona mtsikanayu ndi mayi wanga wamng'ono, ngakhale ndimamposa ndi zaka zoposa 30, pakuti ndi wa mtundu wa amayi anga. Adagwada, nawomba m'manja, nafotokoza m'Chimanyika kuti amaimba kutchalitchi ku Dangamvura ndi gitala ya agogo ake, ndi kuti pa foni yake ali ndi pulogalamu yotsanzira mawu a Twin Reverb. Atate ake adamuuza kuti yeniyeni ili ku Sakubva. Ankangofuna kuimva kamodzi.

Ndikadatha kunama kuti idapsa. M'malo mwake ndidachotsa Baibulo, ndi kuvundukula nsalu, ndi kutembenuza bokosilo kuti aone mabowo awiri aakulu. Mayi a kunyumba kwanga adaima pakhomo la chipinda. Adayang'ana mabowowo, nandiyang'ana ine, nati: "Ufa uja?" Ndidagwedeza mutu. Sadanenenso kanthu, koma madzulo ake adandiikira nyama yaikulu m'mbale.

Pafupi ndi msika wa Sakubva pali mkulu wina wokonza mawayilesi amene adaphunzira ntchito pa mawayilesi a mavalavu, masiku amene mawayilesi a Supersonic ankapangidwa ku Bulawayo. Atatsegula ampulifayayo adatiuza kuti tiime patali, chifukwa makapasita a m'zida zimenezi amatha kusunga magetsi okwanira kupha munthu ngakhale nthambo itazulidwa kukhoma. Adasintha makapasita ouma, napeza kuti mavalavu awiri aakulu adafa. Apa m'pamene tidadziwa kuti dziko lapansi ndi laling'ono. Mafakitale opanga mavalavu a magitala adatsala owerengeka, ku Saratov ku Russia, ku Čadca ku Slovakia ndi ku China, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022 mavalavu adasowa, mitengo nikwera. Tidadikira mpaka 2023, pamene mbale wina wa ku Johannesburg adatitumizira anayi atsopano atakulungidwa m'masokosi. Sipika imodzi ndidagula ine. Inzake idafika pa basi kuchokera ku Harare, yolipiridwa kale, popanda kalata. Mtsikana uja adangoti atate ake ati ampulifaya ya masipika awiri siyenda ndi mwendo umodzi.

Tsiku loiyesa magetsi adabwera cha m'ma 10 koloko usiku. Msuweni wanga adabwera ndi mwana wake, nakhala pampando wa pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. Ndidatsegula siwichi yoyamba. Mtsikanayo adatambasula dzanja kuti atsegule yachiwiri, ndipo ndidadzimva ndikunena mawu a mphika ndi moto ndisanaganize n'komwe. Fungo la fumbi lotentha lidadzaza chipinda, fungo la Beit Hall, la ubwana wanga wonse. Kenaka adakhudza nsambo.

Sadali mawu a pa kaseti. Adali okongola, oyera, amphamvu moti mawindo adanjenjemera, koma adali olimba ngati nsapato yatsopano. Masipika adali ena, mavalavu ena, chipinda china, zala zina. Ndidakhala ndikuyembekeza kwa chaka chathunthu kuti atsibweni alankhulanso, ndipo amene adalankhula ndi mdzukulu wawo. Kwa kanthawi ndidamva kuwawa kwa munthu amene wathamangira basi n'kupeza kuti si yake.

Ndidatulutsa foni imene mwana wanga adasamutsiramo kaseti ija, popeza tepi yeniyeniyo yayamba kumata. Tidamvera tonse mphindi zitatu ndi masekondi 40. Msuweni wanga adaphimba nkhope ndi chipewa. Mtsikanayo adapempha kuti ndibwereze, nabwerezanso, ndipo kachitatu zala zake zidayamba kufufuza nsambo za pansi. Pofika pakati pa usiku adali atagwira kuzungulira kwa njinga kuja. Atafika pamene tepi imathera adaima, nafunsa mathero ake. Ndidamuuza zimene ndidaona pakhonde ndili mwana, kuti agogo nyimbo imeneyi sankaimaliza, ankangoizungulira mpaka nsima itapsa. Adaseka, napitiriza, naikhotetsera kumene iye adafuna.

Asananyamuke adabwezanso kasetiyo poyambirira, pamene pali mawu a munthu.

"Kodi asekuru akuti chiyani apa?"

Chichewa chokhacho chimene chidatsala cha atsibweni anga pa dziko lino ndi chiganizo chimodzi, ndipo si mwambi kapena malangizo. Akuti: "Mphwanga, tasendeza wayilesiyo uko, ili pafupi kwambiri." Ndidamasulira. Adafunsa tanthauzo la "mphwanga", ndipo kufotokoza liwu limodzi limenelo kudatitengera ku Dedza, ku Tete, ku Penhalonga, mpaka tsiku logawa katundu, atate ake akumvetsera, nthawi zina akuwonjezapo zimene ine ndidaiwala. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Awa adagonera zaka 37.

Loweruka lotsatira tidakweza ampulifaya pa kagalimoto ka matola kupita ku Dangamvura, kumene kuli gitala yake. Palibe adandipempha. Mwambo wa Achewa udakwaniritsidwa kwa zaka 24, ndipo ndidaona kuti wa Amanyika nawo uyenera kulawako. Lamulungu lina ndimakwera basi kukakhala kumbuyo kwa tchalitchi chawo, ndipo ndaona kuti masipika aja ayamba kufewa. Kuseri kwa chitseko changa kwatsala zipsera zinayi pasimenti, ndipo Baibulo tikuliika pawindo kufikira titapeza katebulo.